Musaiphode Galimotoyo, Amalume

Ndiyambe ndi kuulula kuti pa nkhaniyi ndili ndi mbali. Galimoto imene ndikunena pano ndi Toyota Sienta ya amalume anga a ku Nchalo, ndipo gawo lina la ndalama zimene akuyembekezera akaigulitsa ndi la fizi yanga ya chaka chomaliza kuno ku Blantyre. Ndiye atanena kuti ayamba aipititsa ku Limbe kuti akaiwongole ndi kuipopera penti yatsopano kuti mtengo ukwere, munthu woyamba kuwaombera m'manja ndinayenera kukhala ine. Koma ndinawatsutsa, pakhonde pawo pomwe, akazi awo ali pomwepo akusankha mpunga. Kuyambira tsiku limenelo moni wathu wa pafoni ndi wa mawu atatu.

Sienta imeneyi ndi ya mtundu wakale uja, umene Toyota inapanga kuyambira 2003 mpaka 2015, ya mipando isanu ndi iwiri ndi zitseko zokoka. Inabwera kuchokera ku Japan ili yogwiritsidwa kale ntchito, monga magalimoto ambiri a m'dziko muno, ndipo moyo wake wachiwiri wathera pa msewu wa M1: Nchalo, Ngabu, Bangula, kubwerera, masiku ena kukwera mpaka ku Blantyre. Pathupi pake pali mbiri yonse ya kuchigwa. Denga linafwifwa ndi dzuwa. Chitseko chakumanzere chinalowa mkati tsiku limene ngolo ya ng'ombe inaigunda pamsika. Bampa yakumbuyo ndi yomangidwa ndi waya chifukwa cha mnyamata wina wa kabaza amene anachedwa kugwira buleki. M'mbali monse muli mizere ya minga ndi ya matumba. Zonsezi munthu amaziona ataima patali, ndipo palibe chimene chimalepheretsa galimotoyo kuyenda.

Chimene munthu sangachione ataima patali ndi ichi: mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atasefukiritsa mitsinje, nthawi imene msewu wa M1 unaduka m'malo angapo ndipo makina opangira magetsi a ku Kapichira anaima, galimotoyi inakhala m'madzi masiku awiri. Madzi anafika m'mipando. Makanika anaiumitsa, anasintha oyilo, anatsuka zotsukika, ndipo inalira. Ikuyendabe mpaka lero. Koma magalasi a m'zitseko amatsika tsiku limene afuna okha, timagetsi ta pa dashibodi timayaka popanda chifukwa, ndipo giyabokisi ikatentha pokwera phiri imadzuma ngati ikufuna kukana.

Amalume anandiyankha mofatsa, monga amachitira akakwiya. "Mwanawe, munthu amagula ndi maso. Ngakhale mkwatibwi amayamba amuphoda. Iwe ukufuna ndikaimike galimoto pamsewu ili ngati yatuluka ku nkhondo?"

Inde, amalume. Ndikufuna choncho. Itsukeni, koma musaiphode.

Tiyambe ndi masamu, poti amalume ndi munthu wa masamu. Ntchito yowongola ndi kupenta galimoto ili mitundu iwiri. Pali yeniyeni, yochotsa chitseko, kupala mpaka chitsulo chioneke, kumenya pamene panalowa mpaka pabwerere m'malo mwake, kupha dzimbiri, kupaka penti yapansi, kenako yapamwamba m'chipinda chopanda fumbi. Imeneyi ndi yokwera mtengo moti Sienta ya zaka zochuluka chonchi singabweze ndalamazo, chifukwa wogula galimoto yakale ali ndi malire amene sangapyole ngakhale itanyezimira bwanji. Penti, thina, fila, ngakhale sandipepa, pafupifupi zonsezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera limodzi ndi dola. Ndiye pali mtundu wachiwiri, umene amalume amatanthauza ngakhale sananene: wa pansi pa mtengo wa mango, womata fila wochindikala pamene panafunika nyundo, kusalaza, ndi kupopera penti mphepo ikuuluza fumbi. Umenewu ndi wotsika mtengo, ndipo ndi wa miyezi yochepa. Kwathu kuchigwa mwezi wa Okotobala kutentha kumapyola madigiri 40. Chitsulo chimafutukuka masana n'kubwerera usiku, fila satsatira mofanana, ndipo mukaonjezera kugwedezeka kwa m'misewu yafumbi ya kumidzi, amayamba kuchita ming'alu, kenako kugwa zibenthuzibenthu. Pansi pake dzimbiri limakhala likudya mosasokonezedwa chifukwa laphimbidwa. Apa sindinawerengere masabata awiri amene galimoto idzakhale pa garaja osanyamula munthu ndi mmodzi yemwe, pamene pakhomo pakufunika ndiwo tsiku lililonse.

Komanso tisamawaone ogula ngati ana. Munthu amene wasonkhanitsa mamiliyoni sabwera yekha, amabwera ndi makanika wake. Makanikayo amayenda ndi kamaginito kokulunga m'kansalu, amakayendetsa pa bodi, ndipo pamene pali fila wochindikala sikagwira. Amayang'ana pa malabala a m'mphepete mwa magalasi ngati pali madontho a penti. Amaima chapatali dzuwa likuwomba n'kuona kuti chitseko ndi bodi zasiyana maonekedwe. Akangopeza malo amodzi, funso lake silikhalanso loti "apa panagunda chiyani?" Limakhala loti "akubisa chiyani china?" Chitseko chopindika chimadzinenera chokha kukula kwa ngozi yake. Chitseko chomatidwa chimam'siya wogula aganize yekha, ndipo woganiza yekha amaganiza ngozi yaikulu, ya galimoto yogubuduzika. Amatsitsa mtengo kuposa momwe akanatsitsira ataona chipsera chenichenicho. Ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuno, pambuyo pa madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023, galimoto yakale ikaoneka ndi penti yonyezimira ndi makapeti atsopano, munthu wochenjera amanunkhiza matope.

Koma ndisanamize kuti nkhawa yanga ndi ya masamu okha. Amalume akhoza kupambana. Akhoza kupeza wogula wopanda makanika, wothamanga, wokopeka ndi kunyezimira. Apa m'pamene ndikukana kwambiri.

Ndani amagula Sienta yakale ku Nchalo? Si bwana wa ku Namiwawa. Ndi mphunzitsi amene watenga ngongole ku SACCO yoti azidulidwa pa malipiro zaka zitatu. Ndi bambo amene wapuma ntchito ku minda ya nzimbe n'kulandira kangachepe kake komaliza. Ndi mlimi wa ku Ngabu amene wagulitsa ng'ombe zimene anasiyiridwa ndi bambo ake. Ndi mnyamata amene wabwera kuchokera ku Joni ndi ndalama za zaka zisanu zogona anthu asanu m'chipinda chimodzi. Onsewa akugula kuti galimotoyo iziwadyetsa. Mawa lake lomwe idzakhala pa siteji, ndipo tonse tikudziwa kuti mipando isanu ndi iwiri ija imanyamula anthu oposa pamenepo, ndi matumba pamwamba. Tsono ganizirani msewu wochokera ku Blantyre kutsikira ku Thabwa. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene chigwa chili cha m'ma 100. Kutsika konseko kumachitika pa makona otsatizana, phompho lili pambali, phazi lili pa buleki. Madzi osefukira sathera pa tsiku limene galimoto yauma. Matope amatsalira m'malo olumikizira mawaya n'kumawadya pang'onopang'ono. Mapaipi a mabuleki amachita dzimbiri. Giyabokisi ya mtundu wa CVT, imene ili m'ma Sienta ambiri, sipirira madzi akalowa m'mafuta ake. Munthu akadziwa kuti galimoto inamira, amadziwa zoyang'anira, amasunga ndalama ya zokonza, amamvetsera kulira kwake mwatcheru. Mukam'bisira, mwam'landa mwayi wochenjera. Ndipo anthu okwera kumbuyo aja, mayi wopita ndi mwana ku Queens, sanagule nawo galimotoyo, sanaone ngakhale pentiyo ili yatsopano.

Makolo anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mwambiwu timaunena pochenjeza wodya. Sindinamvepo wina akuunena ngati malangizo kwa mwini mkuyu kuti aziupukuta bwino.

Chaka chachiwiri tinaphunzira za George Akerlof, katswiri wa zachuma wa ku America, amene mu 1970 analemba za msika wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mu 2001 analandira mphoto ya Nobel. Kwawoko galimoto yobisa matenda amaitcha ndimu. Mfundo yake ndi yosavuta. Wogulitsa amaidziwa galimoto yake, wogula saidziwa. Popeza wogula sangathe kusiyanitsa yabwino ndi yodwala, amapereka mtengo wapakati pa zonse, wodzitetezera. Mwini galimoto yabwino akaona mtengowo amakana kugulitsa, n'kuchoka pamsika. Otsala amakhala a zodwala okhaokha, wogula amatsitsanso mtengo, ndipo msika umangowola. Ndili m'kalasi ndinkaona ngati ndi nkhani ya ku Detroit. Koma funsani aliyense wa kwathu amene anayesapo kugulitsa galimoto kwa munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Akangomva kuti yakhala ikuyenda ku Lower Shire, nkhope imasintha. Amaganiza za madzi, za dzuwa, za katundu wolemera. Ngakhale amene galimoto yake inali pamalo okwera nthawi ya Freddy, osakhudzidwa ndi dontho, amalipira mlandu wa anzake amene anaphoda n'kugulitsa mwakachetechete. Aliyense wophoda amadya lero, n'kusiya ngongole kwa wogulitsa wa mawa. Wogulitsa wa mawayo akhoza kukhala ine, ndikadzayamba ntchito.

Chondidabwitsa n'choti anthu akwathu amadziwa kale malonda abwino. Pitani pa msika wa ng'ombe ku Ngabu. Wogula amaizungulira ng'ombe, amaiyang'ana mano, ziboda, maso, amaiyendetsa kuti aone ngati ikutsimphina. Chipsera cha goli pakhosi palibe amene amachibisa, chifukwa chimasonyeza kuti ng'ombeyo inagwirapo ntchito. Munthu atapezeka atapaka makala pa bala la ng'ombe kuti lisaoneke, dzina lake lingathere pomwepo, ndipo ana ake angamve za nkhaniyo mpaka kukula. Nanga bwanji zikafika pa galimoto chinyengo chomwecho timachitcha nzeru za bizinesi? Mwina chifukwa galimoto ndi chinthu chobwera, ndiye timaona ngati malamulo a pamudzi sachikhudza. Koma wogula ndi wa pamudzi pomwepo. Mudzakumana naye pamaliro, kutchalitchi, pa chigayo. Chigwa chathu ndi chachitali koma ndi chopapatiza, ndipo msewu wake waukulu ndi umodzi.

Amalume ali ndi mayankho, ndipo ena mwa iwo ndi olemera.

Loyamba ndi loti aliyense amachita zomwezo, ndipo iwonso pogula galimotoyi palibe anawauza zonse. N'zoona. Koma limeneli ndi dandaulo la munthu amene anapwetekedwapo, ndipo ndi lodabwitsa kulisandutsa chilolezo chopwetekera wina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo pa msika wa magalimoto akale tonse timasinthana mipando, lero wogulitsa, mawa wogula.

Lachiwiri ndi lopweteka kwambiri chifukwa likuloza ine. "Inu a ku yunivesite mumalankhula chilungamo mutakhuta. Ndalama ikachepa, fizi yako ilipira ndani, Akerlof wakoyo?" Apa sindinayankhe msanga. Ndi zoona kuti kunena poyera kuti galimoto inamira kudzatsitsa mtengo, ndipo sindinganamizire kuti chilungamo chimabweza ndalama nthawi zonse. Nthawi zina chimangoluzitsa basi. Koma taonani chimene chikuchitika kwenikweni. Kusiyana kwa mtengo wa galimoto yomira ndi wa galimoto yosamira si ndalama imene penti yapanga. Ndi ndalama yochoka m'thumba la wogula, amene ndi wosauka ngati ife, mwinanso kuposa. Madzi a Ana anawononga chuma cha amalume, ndipo zimenezo ndi zachisoni, sanalakwe kanthu. Kuphoda ndi njira yonyamula tsoka limenelo n'kukalitula pakhomo pa mphunzitsi wa ku Bangula iye osadziwa. Ine digiri yolipiridwa ndi ng'ombe za mwana wamasiye wa ku Ngabu, atapusitsidwa, sindikuifuna. Ndikudziwa kuti kulemba chiganizo chimenechi pa laputopu n'kosavuta kusiyana ndi kukaima pa ofesi ya zachuma ndalama zitapelewera. Ndachilembabe, kuti tsiku limenelo ndisadzabwerere m'mbuyo.

Lachitatu ndi loti kukonza chinthu chako si bodza. Apa ndikuvomereza theka. Kutsuka galimoto si bodza. Kuchapa mipando, kuchotsa fungo la nsomba zouma, kupukuta magalasi a nyali amene achita chikasu, zonsezi ndi ulemu kwa wogula, ngati kusesa pabwalo alendo akamabwera. Ndipo pali zina zimene anthu amaziika m'gulu la zokongoletsa pamene ndi za moyo: galasi lakutsogolo long'aluka, nyali yosweka, galasi loonera kumbuyo lothyoka, matayala osalala ngati mutu wa dazi. Zimenezi konzani, chifukwa popanda izo COF simuipeza mwachilungamo, ndipo pa rodibuloko ya pa Thabwa mudzafotokoza mpaka kutopa. Bampa ya waya ija imangeni ndi mabawuti enieni, isadzagwere wa njinga. Ngakhale chitseko chija, ngati mtima wafunitsitsa, chiwongoleni, koma mujambule chithunzi chisanakonzedwe n'kumuonetsa wogula. Muyeso wake ndi umodzi wokha: kodi ntchito imene mwagwirayo mungainene pamaso pa wogula, mtengo wanu n'kukhalabe womwewo? Ngati phindu lake likudalira kuti wogula asadziwe, ndiye kuti chimene mukugulitsa ndi kusadziwa kwakeko.

Pali munthu mmodzi amene penti imam'pindulira nthawi zonse, ndipo ndi amene anawapatsa amalume nzeru imeneyi: dobadoba. Iye sataya kanthu. Ndalama ya penti ndi ya mwini galimoto, mlandu ukadzabuka ndi wa mwini galimoto, dzina la pa bulu buku ndi la mwini galimoto. Iye amangofuna chithunzi chowala choti aike pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, alembe kuti "yoyendetsa mayi, yosamalidwa", alandire yake n'kuzimitsa foni. (Mayi ameneyu, amene amayendetsa theka la magalimoto ogulitsidwa m'Malawi muno, ndikufuna nditakumana naye tsiku lina.) Malamulo oteteza ogula alipo, Consumer Protection Act ya 2003 ilipo, bungwe la CFTC lilipo. Koma malonda ambiri a mtundu uwu amathera pansi pa mtengo, ndi kapepala kolemba pamanja ndi mboni ziwiri. Giyabokisi ikafa pakatha miyezi itatu, wogula sapita kwa loya. Amabwera pakhomo, ndi abale ake, ndipo dobadoba sapezekapo.

Chimene ndinawapempha amalume ndi chaching'ono. Ndalama imene anakonzera penti aigawe: ina igule mabuleki atsopano ndi matayala awiri akutsogolo, ina ipite kwa wamagetsi a galimoto kuti atsegule malo olumikizira mawaya a pansi pa mipando n'kuwatsuka bwinobwino, yotsala isungidwe. Mapepala akhale m'malo mwake, COF yamoyo, inshuwalansi yamoyo, bulu buku m'dzina lawo kuti kusintha umwini ku Road Traffic kusavute. Malisiti a zonse zimene anasintha chichokereni madzi aja awaike mu envelopu. Ndipo wogula akabwera, asanafunse n'komwe, amuuze kuti galimotoyi inamira mu 2022, madzi anafika apa, tinasintha izi, chatsala ndi ichi, yayenda zaka zonsezi chichokereni. Mfundo yomalizayi ndi yamphamvu kuposa momwe amalume akuganizira. Galimoto imene yagwira ntchito tsiku ndi tsiku kwa zaka pambuyo pomira yadzichitira yokha umboni umene penti singapereke. Alipo anthu amene amafuna galimoto yotere pa mtengo wake woyenera, makamaka amene ali ndi makanika pachibale. Kwa iwo zipsera za pa bodi ndi nkhani yabwino, chifukwa zimatsitsa mtengo popanda kutsitsa ntchito, ndipo galimoto ya pa siteji idzakalikanso sabata yoyamba yomwe.

Kwa inu amene mukufuna kugula, poti ndikudziwa kuti anzanga ena omaliza maphunziro akulota za ka Sienta kapena ka Probox koti kaziwagwirira ntchito podikira kulembedwa: musayambe ndi kuyang'ana penti. Tukulani kapeti. Tsegulani kumbuyo, muyang'ane m'makona a pansi ngati muli matope ouma. Kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto, muone ngati pali mzere wa madzi. Suzumirani pansi pa mipando, pa njanji zake, ngati pali dzimbiri. Tsekani magalasi onse galimoto ili padzuwa, mudikire pang'ono, kenako mulowe n'kununkhiza. Ndipo musavomere kuiyesa pa msewu wosalala wa pakati pa Nchalo ndi Ngabu pokha. Ikwereni phiri, injini itatentha, anthu ali m'katimo.

Loweruka lapitali mlongo wanga ananditumizira uthenga kuti galimoto sinapite ku Limbe. Sindikudziwa ngati ndi chifukwa cha mawu anga kapena chifukwa woipenta anakweza mtengo. Yaima pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msewu, yotsukidwa, chitseko chili chopindika momwemo, pepala lili pa galasi. Kunabwera bambo wina wa ku Ngabu ndi makanika wake. Makanikayo asanagwade n'komwe, amalume anatukula okha kapeti n'kumuonetsa pamene madzi anafika. Bamboyo anatchula mtengo wake, ndipo ndi wotsika kuposa umene amalume ankayembekezera, motsika moti fizi yanga ipelewera. Amalume anati aganiza kaye. Ine ndayamba kufunsa za ganyu yophunzitsa masamu ana a Folomu 4 ku Chitawira madzulo, ndipo kulembetsa kwa semesita kutsekedwa pakatha masabata atatu.